Tizamoyo Topuma Popanda Okosijeni Pansi pa Nyanja Yamchere

Kufupi ndi gombe la California, pakati pa mzinda wa Santa Barbara ndi zilumba zimene zandanda kum'mwera kwake, pansi pa nyanja pali chidikha chakuya mamita pafupifupi 590. Chidikhachi chazingidwa ndi zitunda za pansi pa madzi, ndipo mpata umene madzi a kunja angalowerepo uli pakuya mamita 475 okha. Madzi a kunsi kwa mpatawo amangokhala phee, sasinthanasinthana ndi anzawo. Pamwamba nyanjayi ndi yachonde: ndere za selo limodzi zimaswana mochuluka, zimafa, n'kumagwera pansi usana ndi usiku. Mabakiteriya owoletsa zakufazo ndi amene amamaliza okosijeni wa m'madzi a pansiwo. Nsomba sizikhalitsako, nkhanu ndi nyongolotsi zokumba matope nazo zimathawa kapena kufa. Koma mutati mutape supuni imodzi ya matope akumeneko n'kuwatsuka pa sefa ya timabowo ting'onoting'ono, mungapeze tizigoba mazanamazana, ndipo eni ake a tambiri mwa ito akadali moyo.

Eni tizigobati ndi tizamoyo totchedwa foraminifera. Kachamoyo kalikonse ndi selo limodzi basi, kalibe mutu, mtima kapena matumbo. Chikhalirecho selo limodzilo limadzimangira chigoba cha tizipinda tolumikizana, n'kumawonjezera kachipinda katsopano pamene likukula. Mitundu ina imamanga ndi laimu amene imatenga m'madzi, ina imamata timchenga ndi tizidutswa ta zigoba za anzawo, ina ili ndi chikopa chofewa chabe. Tambiri sitikwana n'komwe milimita imodzi. Pakamwa pa chigoba pamatuluka timaulusi tomata tambirimbiri, ndipo ndi timeneti kachamoyoka kamagwirira chakudya, kukwawira ndi kudzikwirira m'matope. Pali mitundu yochepa yoyandama m'madzi a pamwamba, koma yochuluka zedi ndi ya pansi, kuyambira m'matope a m'magombe mpaka ku Challenger Deep, dzenje lakuya makilomita pafupifupi 11 la m'nyanja ya Pacific.

Mfalansa wina, Alcide d'Orbigny, ndiye anatitcha dzinali mu 1826, koma iye ankayesa kuti ndi tiachibale ta nautilus, chamoyo cha m'nyanja cha chigoba chopota chogawika m'zipinda, chifukwa cha tizipinda tozungulirato. Félix Dujardin ndi amene anaonetsa mu 1835 kuti mkati mwake mulibe ziwalo. Tizigobati timapezeka m'miyala ya zaka zoposa 500 miliyoni, ndipo miyala ya laimu imene anamangira mapiramidi a ku Giza yadzaza ndi mtundu waukulu wotchedwa Nummulites. Makampani okumba mafuta anayamba kutidalira m'ma 1920 podziwira msinkhu wa miyala imene akuboola. Ubwino wake ndi kuchuluka: fupa la dinosaur munthu angalifune chaka chathunthu osalipeza, pamene kamtanda ka matope a pansi pa nyanja kamakupatsa tizigoba tokwanira kuwerenga, kuyerekezera ndi kupima. Ndiye chifukwa chake funso lovuta lakuti madzi akuya anali ndi okosijeni wochuluka bwanji zaka 15,000 kapena 56 miliyoni zapitazo limafunsidwa kwa tizigoba timeneti.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe taona mmene okosijeni amafikira pansi. Amalowa m'nyanja kuchokera pamwamba pokha, kuchokera mumlengalenga ndi kwa ndere zimene zimafikidwa ndi dzuwa. Kumpoto kwa Atlantic ndi mozungulira Antarctica madzi amazizira, amalemera, n'kumira atasenza okosijeni wambiri, kenaka amayenda pansipansi kwa zaka mazanamazana. Ichi ndicho chifukwa chake malo akuya kwambiri, a mamita 3,000 kapena 4,000, kawirikawiri amakhala ndi okosijeni wokwanira. Vuto limakhala pakatikati, cha pakati pa mamita 200 ndi 1,000, kumene zakufa zogwa kuchokera pamwamba zimawolera kwambiri koma madzi atsopano safikako msanga. Madera otere ndi aakulu kufupi ndi Peru ndi Chile, kumadzulo kwa Mexico, m'nyanja ya Arabia, ku Bay of Bengal ndi kufupi ndi Namibia. Pamene madzi osowa okosijeniwa akhudza mtsetse wa pansi pa nyanja, matope a pamenepo amada bii, ndipo nthawi zina amatulutsa mpweya wapoizoni wa hydrogen sulphide.

Ife a kuno tili ndi chitsanzo pakhomo. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma kuyambira cha pa mamita 250 kutsika pansi mulibe okosijeni chaka chonse. Mwera ukawomba umavundula madzi a pamwamba, koma mphamvu yake siifika kunsiko, ndipo nsomba zathu zonse zimakhala m'chigawo cha pamwambacho. Tizamoyo ta zigoba za laimu tikunenati mulibe m'nyanja yathu poti ndi ta madzi amchere, koma chimene chimachitika ndi chimodzimodzi: madzi ofunda opepuka ali pamwamba, ozizira olemera ali pansi, sasakanikirana, ndipo zowola zimadya mpweya wa kunsi.

Ngakhale kumene madzi ali ndi okosijeni, iye salowa patali m'matope. M'malo achonde amathera pa mamilimita ochepa okha. Mu 1985 Bruce Corliss anadula matope a pansi pa Atlantic m'tizigawo topyapyala n'kupeza kuti mtundu uliwonse uli ndi malo ake. Ina imakhala pamwamba penipeni kapena kukakamira pa timiyala, ina pa sentimita yoyamba, ndipo ina monga Globobulimina ndi Chilostomella imapezeka masentimita angapo kunsi, pamene okosijeni wathera kale. Tsono madzi a pansi akayamba kuchepa okosijeni, a pamwamba aja amafa, ndipo a kunsi aja amakwera n'kutenga malo onse. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a kawerengedwe konse ka tizigoba takale.

Chaka chotsatira, mu 1986, Joan Bernhard anayerekezera tizigoba ta m'miyala yakuda yodzaza ndi zowola, kuyambira ya nyengo ya Jurassic mpaka matope a masiku ano. Anapeza kuti ngakhale mitundu inkasintha m'zaka mamiliyoni onsewo, maonekedwe ankabwerezabwereza. Kumene okosijeni anali wochepa kunkachuluka tizigoba tating'ono, ta khoma lopyapyala, tafulati kapena tatitali tosongoka, topanda zokongoletsa zambiri, todzaza ndi timabowo. Kumene madzi anali abwino kunkachuluka tokulirapo, tolimba, tozungulira, mbali imodzi yafulati yokhalira pansi. Zifukwa zake n'zomveka. Kanthu kopyapyala kali ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi mnofu wake, choncho mpweya wochepawo umalowa msanga mpaka pakati. Khoma lopyapyala silifuna laimu wambiri, ndipo m'matope owola madzi amakhala ndi asidi amene amavutitsa kumanga chigoba. Za timabowo, Leutenegger ndi Hansen anali ataona kale mu 1979 kuti m'mitundu ina ya kumalo osowa okosijeni, tizigawo ta selo topangira mphamvu, totchedwa mitochondria, timaunjikana kuseri kwa timabowo timeneti, kusonyeza kuti mpweya umalowera pamenepo.

Kunio Kaiho wa ku Japan anasandutsa zimenezi kukhala muyeso mu 1994. Anagawa mitundu m'magulu atatu: ya madzi okhala ndi okosijeni woposa mamililita 1.5 pa lita, ya pakati pa 0.3 ndi 1.5, ndi ya pakati pa 0.1 ndi 0.3. Ukawerenga tizigoba ta gulu lililonse m'kagawo ka mwala, umapeza nambala yokuuza mmene madzi analili. Njirayi inafala chifukwa ndi yosavuta ndipo siifuna makina odula, koma maikulosikopu, kaburashi konyowa ndi kuleza mtima.

Pa nthawi yonseyi anthu ambiri ankaganiza kuti tizamoyo ta m'matope akudawa timangopirira, kuti timapuma pang'onopang'ono tikudikira tsiku limene madzi abwino adzabwere. Ganizoli linagwa mu 2006. Nils Risgaard-Petersen wa ku Aarhus, ku Denmark, ndi anzake anatenga Globobulimina m'matope a ku Gullmar Fjord, kumadzulo kwa Sweden, ndipo anapeza kuti mkati mwa selo muli naitireti wochuluka kuwirikiza mazanamazana kuposa wa m'madzi ozungulira. Naitireti ndi mchere uja wa naitirojeni umene alimi amaudziwira mu feteleza wa CAN. Kachamoyoka kamakwera pamwamba pa matope kumene naitireti amapezeka, kamamusonkhanitsa m'timatumba ta m'selo, n'kutsikira kunsi kopanda okosijeni. Kumeneko kamagwiritsa ntchito naitireti uja m'malo mwa okosijeni powotcha chakudya, ndipo chotsalira chake ndi mpweya wa naitirojeni umene umangotuluka. Nkhokwe imodzi imatha kukasunga kupitirira mwezi.

Asayansi anadabwa nazo pa chifukwa chomveka. Kufikira nthawi imeneyo ankaphunzitsa kuti ntchito yosandutsa naitireti mpaka kukhala mpweya wa naitirojeni ndi ya mabakiteriya ndi tizamoyo tina topanda nyukiliyasi, kachipinda ka mkati mwa selo kosunga majini. Foraminifera ndi ya mbali yathu, ya maselo okhala ndi nyukiliyasi, pamodzi ndi anthu, mitengo ndi bowa. Mu 2010 Elisa Piña-Ochoa ndi anzake anaonetsa kuti si mtundu umodzi wokha ayi, mitundu yambiri ya m'nyanja zosiyanasiyana imasunga naitireti. Kenaka gulu la ku Kiel, ku Germany, linapeza mu 2018 kuti majini ena oyendetsa ntchitoyi ali mwa kachamoyo komweko, ndipo mu 2022 linaonetsa kuti luso limeneli ndi lakalekale komanso kuti mbali zina za ntchitoyo zimathandizidwa ndi mabakiteriya okhala nako limodzi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene Nicolaas Glock ndi anzake anapeza kufupi ndi Peru mu 2019. Mitundu ya kumeneko imapanga mphamvu bwino ndi naitireti kuposa ndi okosijeni, ndipo maselo ake amakula kwambiri pamene naitireti ali wochuluka. Ndiye kuti kwa tizamoyoti malo osowa okosijeni si ndende. Chakudya n'chochuluka poti pamwamba pali chonde, nyongolotsi ndi tinkhanu tomwe tikanatidya kulibe, opikisana nawo ndi ochepa. N'chifukwa chake m'malo otere mitundu imakhala yowerengeka koma chiwerengero cha mtundu uliwonse chimakhala chachikulu modabwitsa. Ndipo poti tilipo tochuluka chonchi, m'madera ena timachotsa gawo lalikulu la naitirojeni wa m'matope n'kumubweza mumlengalenga, chinthu chimene chimakhudza chonde cha nyanja yonse.

Naitireti si njira yokhayo. Nonionella stella, mtundu wochuluka kwambiri m'chidikha cha Santa Barbara, umadya ndere zotchedwa diatom koma n'kusunga tizigawo take tobiriwira topangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ma chloroplast, tili tathunthu mkati mwa selo, chonsecho kumene ukukhala kulibe kuwala ngakhale pang'ono. Mitundu ina ili ndi mabakiteriya pakhungu kapena mkati mwa selo. Virgulinella fragilis, imene yapezeka ku Cariaco Basin kufupi ndi Venezuela, ku doko la Wellington ku New Zealand ndi ku Walvis Bay ku Namibia, imakhala m'matope a hydrogen sulphide amene amapha pafupifupi chamoyo chilichonse chopuma okosijeni, ndipo ili ndi zonse ziwiri, mabakiteriya ndi ma chloroplast olanda. Kumpoto kwa nyanja ya Adriatic akatswiri anavundikira pansi pa nyanja ndi mabokosi pakuya mamita 24 kuti okosijeni athe. Patatha miyezi 10 anapeza mitundu ina ikadali moyo.

Zonsezi zinasintha kawerengedwe ka tizigoba takale, ndipo m'pofunika kunena mosabisa kuti zinakavutitsanso. Timabowo tija tinkawerengedwa ngati chizindikiro cha okosijeni basi. Koma Glock anapeza mu 2011 kuti pa mtundu wa Bolivina spissa wa ku Peru, kuchuluka kwa timabowo kumatsata kwambiri naitireti wa m'madzi: naitireti akachepa, timabowo timachuluka. Pa mitundu yokhala pamwamba pa matope, monga Cibicidoides, Anthony Rathburn ndi anzake anaonetsa mu 2018 kuti timabowo timatsatadi okosijeni. Kabowo n'kamodzimodzi pa maikulosikopu, koma tanthauzo lake limadalira mwini chigobacho ndi kumene ankakhala. Amene sadziwa moyo wa kachamoyo kamakono sangawerenge bwino chigoba cha kholo lake.

Palinso msampha wina wakale. Kumene chakudya chikugwa chambiri, okosijeni amachepa, choncho zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Ukapeza mitundu ya Uvigerina ndi Bulimina itachuluka m'kagawo ka mwala, kodi inabwera chifukwa cha kuchepa kwa okosijeni kapena chifukwa cha kuchuluka kwa chakudya? Frans Jorissen ndi anzake anayankha mu 1995 ndi ganizo limene limatchedwa TROX. Kumalo osauka, chimene chimalamulira kuti tizamoyo tilowe patali bwanji m'matope ndi chakudya, pakuti kunsi kulibe chodya. Kumalo achonde kwambiri, cholamulira ndi okosijeni. Pakatikati m'pamene timapezeka ponseponse, pamwamba ndi kunsi komwe. Ine ndimaona kuti muyeso wa Kaiho ndi wodalirika pouza kuti madzi anafika poipa kwambiri, koma si wodalirika posiyanitsa madzi abwino ndi abwinoko, chifukwa pamenepo mawu a chakudya ndi amene amamveka kwambiri.

Ngakhale sefa yeniyeniyo ili ndi mlandu. Ofufuza ambiri akale ankasefa matope pa timabowo ta mamaikilomita 125 kapena 150 (mu milimita imodzi muli mamaikilomita 1,000) kuti ntchito ichepe. Koma mitundu yambiri ya kumalo osowa okosijeni ndi yaing'ono kuposa pamenepo, moti inkapita ndi madzi otsukira, ndipo kagawo kodzaza ndi moyo kankalembedwa kuti n'kopanda kanthu. Lero ofufuza malo otere amagwiritsa ntchito sefa ya mamaikilomita 63. Pofuna kudziwa tamoyo ndi takufa, kuyambira mu 1952 amathira utoto wofiira wa Rose Bengal umene umamatirira mnofu wa selo, koma m'matope opanda okosijeni mnofu wakufa suwola msanga, ndiye kakufa kale kamaonekabe ngati kamoyo. Anachita kubweretsa utoto wina wowala umene umagwira selo lokhalo limene likugwira ntchito. Ndiponso tizigoba topyapyala timasungunuka msanga, kotero mwala ukhoza kutaya mboni zake zofunika kwambiri. Apa dongo limathandiza: dongo la ku Kilwa ndi Lindi, m'mbali mwa nyanja ku Tanzania, linasunga tizigoba ta zaka mamiliyoni makumimakumi tikuonekerabe ngati galasi, ndipo kuyambira mu 2002 Paul Pearson ndi anzake a ku Tanzania ndi kunja anaboola kumeneko pa chifukwa chimenechi.

Pofuna kuthawa misampha imeneyi, ena amapima zimene zili m'laimu wa chigobacho. Njira ina yanzeru inakonzedwa bwino ndi Babette Hoogakker mu 2015. Cibicidoides wuellerstorfi amamanga chigoba ndi kaboni wa m'madzi a pamwamba pa matope. Globobulimina amamanga ndi kaboni wa m'madzi a mkati mwa matope, pamalo pamene okosijeni wathera. Zowola zikamawotchedwa ndi okosijeni zimatulutsa kaboni wopepuka, wosowa mtundu wolemera wa kaboni-13. Madzi akakhala ndi okosijeni wambiri, zowola zambiri zimawotchedwa asanathe, ndipo kusiyana kwa kaboni wa m'zigoba ziwirizi kumakula. Akakhala wochepa, kusiyanako kumachepa. Ndi njira imeneyi zinaoneka kuti pa nyengo yozizira kwambiri ya zaka 20,000 zapitazo madzi akuya a Atlantic ndi Pacific anali ndi okosijeni wocheperapo kuposa lero. Izi zikutanthauza kuti kaboni wambiri anali atabisika kunsi, zimene zikugwirizana ndi zomwe madzi oundana a ku Antarctica amasonyeza, kuti mpweya wa carbon dioxide mumlengalenga unali cha pa magawo 190 pa magawo miliyoni a mpweya wonse, pamene nyengo itafunda unafika cha pa 280.

Tsopano tibwere ku zimene miyala inasunga. Mu 1992 sitima yoboola ya JOIDES Resolution inatulutsa matope aatali mamita pafupifupi 200 m'chidikha cha Santa Barbara, osunga mbiri ya zaka 160,000. Matopewo ali pawiri. Zigawo zina zili ndi timizere topyapyala tosanjikizana bwinobwino chaka ndi chaka, zina n'zosakanizika zopanda mzere. Timizere timasungika pokhapokha pamene palibe nyongolotsi yovundula, ndiye kuti pamene okosijeni anali atatha. James Kennett, Richard Behl ndi Kevin Cannariato atayerekezera zigawozi ndi mbiri ya nyengo ya m'madzi oundana a ku Greenland, anapeza kuti zikuyendera limodzi. Dziko likafunda mwadzidzidzi, timizere timayamba, ndipo tizigoba ta Bolivina tumida, Buliminella tenuata ndi Nonionella stella timalanda malo. Likazizira, timizere timatha, mitundu yofuna okosijeni n'kubwerera. Zinatero pamene dziko linafunda zaka 14,700 zapitazo, zinabwerera m'mbuyo pa kuzizira kwa Younger Dryas zaka 12,900 zapitazo, n'kutembenukanso zaka 11,700 zapitazo. Onani kuti madzi a pakatikatiwa ankachita zosiyana ndi akuya kwambiri aja: iwo ankapeza bwino nyengo yozizira.

Liwiro lake ndi limene liyenera kutiganizitsa. Gulu lina la tizamoyo linkalowa m'malo mwa linzake m'zaka makumi angapo kapena mazana ochepa chabe. Mu 2015 Sarah Moffitt ndi anzake anaphunzira matope ena a m'chidikha chomwechi, koma anawerenganso zotsalira za nkhono, tinkhanu ndi zamoyo zina za maselo ambiri. Izi zinkazimiririka pafupifupi zonse okosijeni akangochepa pang'ono, ndipo kuti zibwerere mwakale zinkatenga zaka 1,000 kapena kuposa, pamene foraminifera inkangosinthana mitundu n'kupitiriza.

Kum'mawa kwa Mediterranean kuli umboni wokhudza Africa mwachindunji. M'matope otuwa a kumeneko mumapezeka mizere yakuda yotchedwa sapropel, yobwera mobwerezabwereza motsatira kupendekeka kwa dziko kumene kumazungulira pa zaka pafupifupi 21,000. Pa nyengo zimenezo mvula inkagwa yambiri kumpoto kwa Africa, Sahara ankabiriwira, ndipo mtsinje wa Nile unkathira madzi ambiri opanda mchere m'nyanjayo. Madzi opepukawa ankayandama pamwamba n'kuletsa madzi kumira. Mzere womaliza unapangika cha pakati pa zaka 10,000 ndi 6,000 zapitazo. Ukautsata kuchokera kunsi, umaona mitundu ikutha umodziumodzi, Globobulimina ndi Chilostomella zikutsalira kumapeto, kenaka m'malo akuya kwambiri tizigoba ta pansi timasoweratu. Apa m'pamene pali malire a luso lija: naitireti naye amatha ngati madzi akhala opanda okosijeni kwa zaka mazanamazana. Cha pa zaka 8,200 zapitazo kunazizira kwa kanthawi, madzi anamiranso pang'ono, ndipo m'malo ambiri tizigoba timaonekanso pakati pa mzere wakudawo.

Tsoka lalikulu kwambiri la tizamoyo ta m'madzi akuya linagwa zaka 56 miliyoni zapitazo. Chodabwitsa n'chakuti zaka 10 miliyoni m'mbuyo mwake, pamene chimwala chochokera kumwamba chinagwa ku Chicxulub ku Mexico n'kutha ma dinosaur, mitundu yoyandama ya foraminifera inatha yoposa 90 pa 100 iliyonse, koma ya pansi inapulumuka pafupifupi yonse. Chimene chinaigwetsa ndi kutentha kumene akatswiri amakutcha PETM. Kaboni wochuluka analowa mumlengalenga ndi m'nyanja m'zaka masauzande ochepa, ndipo ngakhale madzi akuya anafunda ndi madigiri 5 kapena kuposerapo. Kennett ndi Lowell Stott anaziona bwino mu 1991 m'matope a ku Maud Rise kufupi ndi Antarctica, ndipo Ellen Thomas, amene wathera moyo wake pa tizigoba ta nthawi imeneyi, anaonetsa kuti mitundu 30 mpaka 50 pa 100 iliyonse ya m'madzi akuya inatheratu. Ya zigoba zochindikala monga Gavelinella beccariiformis, imene inali ponseponse kuyambira nyengo ya ma dinosaur, siinaonekenso. Zigawo zotsatira zili ndi mitundu yochepa, yaing'ono, yopyapyala.

Munthu wofulumira anganene kuti ndi okosijeni basi, poti maonekedwe ndi omwe aja a Bernhard. Koma mu 2003 anaboola pa Walvis Ridge, kumadzulo kwa Namibia, pa malo osiyanasiyana kuya kwake, ndipo ponseponse matope oyera a laimu amasanduka dongo lofiirira mwadzidzidzi. Madzi anali atachita asidi moti laimu ankasungunuka ngakhale pamalo osaya ndi makilomita awiri kuposa kale, ndipo zinatenga zaka zoposa 100,000 kuti zibwerere. Kutentha nako kumafulumizitsa thupi, kachamoyo n'kumafuna chakudya chochuluka kuposa chimene chikufika. Okosijeni anachepadi m'madera ambiri, makamaka m'madzi a pakatikati ndi m'mbali mwa makontinenti, koma mavutowa anabwera pamodzi, ndipo chigoba chaching'ono chopyapyala ndi yankho la onse atatu.

Kumbuyo kwenikweni kuli nyengo zimene madera aakulu a nyanja anatheratu okosijeni, zimene Seymour Schlanger ndi Hugh Jenkyns anazifotokoza mu 1976. Ina inachitika zaka 94 miliyoni zapitazo ndipo inasiya mzere wakuda m'miyala yoyera ya kufupi ndi Gubbio ku Italy. Ina, ya zaka 183 miliyoni zapitazo, gwero lake akuliloza kwathu kuno: chiphalaphala cha Karoo chimene chinasefukira kum'mwera kwa Africa ndi ku Antarctica, chomwe miyala yake ndi imene ili pamwamba pa mapiri a Drakensberg ndiponso imene mtsinje wa Zambezi umagwerapo pa Victoria Falls. Mpweya wotuluka m'chiphalaphalacho unafunditsa dziko, ndipo m'miyala yakuda ya nthawi imeneyo ya ku Whitby ku England tizigoba ta pansi timachepa mpaka kusowa, kenaka n'kubwerera pang'onopang'ono, kuyambira ndi mitundu yaing'ono yoswana msanga.

Lero nyanja ikutayanso okosijeni. Sunke Schmidtko ndi anzake anawerengera mu 2017 kuti kuyambira mu 1960 nyanja zonse zataya magawo awiri pa 100 alionse. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, koma kutayikaku sikunagawike mofanana, kwagwera kwambiri kumene okosijeni anali wochepa kale. Madzi ofunda sasunga mpweya wambiri, komanso akafunda pamwamba savundukana ndi a kunsi. M'magombe feteleza ndi zonyansa zotengedwa ndi mitsinje zimachulukitsa ndere, ndipo malo otere oposa 500 alembedwa kale. Gombe la kumadzulo kwa South Africa ndi Namibia limadziwa zotsatira zake kuyambira kale, poti madzi oyenda m'mbali mwa gombelo, otchedwa Benguela, ndi achonde mwachibadwa: mu 1997 ku Elands Bay nkhanu za m'miyala zimene anthu akumeneko amazitcha kreef zinakwawira kumtunda pothawa madzi opanda mpweya, ndipo matani pafupifupi 2,000 anafera pamchenga. Kumpoto kwa gombe lomwelo, m'matope akuda a ku Namibia, William Orsi ndi anzake anapima mu 2020 majini amene akugwira ntchito kunsi kopanda okosijeni, ndipo anapeza kuti pa zamoyo za maselo okhala ndi nyukiliyasi, foraminifera ndi imene inali kugwira ntchito kwambiri, ikudya ndi kumanga zigoba masentimita ambiri kunsi kwa pamene okosijeni anathera.